Tinakhuthulira mutu wa madala mu kompyuta

Ntchito yomwe anandipatsa m'nyengo yozizira ya 2020 inali yosavuta kuifotokoza. Ndikhale pa mpando, madala akhale pambali panga, iwo azinena, ine ndizilemba mu kompyuta. Misomali ya mainchesi atatu timaigula kuti, imatha pakapita nthawi yotani, tikaitanitsa imafika liti. Malata a geji 28 ndi a geji 32, a mafiti angati omwe amayenda kwambiri. Penti, laimu, mapaipi, mahinjesi, maloko, waya womangira zitsulo. Chilichonse chipatsidwe nambala yake.

Sitoloyo ndi ya zipangizo zomangira, mkati mwa tauni ya Mzuzu. Dzina lake silikufunika, masitolo a mtundu umenewu alipo angapo ndipo nkhani zake n'zofanana. Madala anali woyang'anira katundu kuseri. Kwawo ndi ku Ntcheu, anabwera kumpoto kuno nthawi ya Kamuzu kudzacheka matabwa ku Chikangawa, n'kukhazikika. Aliyense ankangowatchula kuti madala, ngakhale mwini sitolo.

Kunja kunali chifunga chija cha mu Juni, ife mkati titavala mamasiki osoka ndi chitenje. Mawu awo ankatuluka mophimbika, ndiye zambiri ndinkawafunsa kawiri. Sankatopa. Ankaoneka osangalala, mwina chifukwa kanali koyamba kuti munthu akhale pansi n'kuwafunsa zomwe amadziwa.

"Lembanso ichi, mwananga. Simenti kuno si ngati ku Lilongwe. Kuno mpweya ndi wonyowa. Mukaunjika matumba ambiri mu Malichi ndi Epulo, pofika Meyi a pansi aja auma gwa. Muziitanitsa pang'onopang'ono."

Ndinalemba. Mwana wa bwana anachisandutsa lamulo mu kompyutamo: mwezi wakuti, matumba asapitirire akuti.

Chomalizira chinali buku la ngongole, hadikava yakuda yonyenyeka m'makona. Mmenemo munali mayina a amisiri ndi makontilakitala ang'onoang'ono omwe ankatenga katundu lero n'kudzalipira akalandira kwa eni nyumba. Koma bukulo linkangosunga mayina ndi manambala. Zenizeni zinali m'mutu mwa madala. Uyu amachedwa koma sathawa. Uyu akalandira ndalama amayamba wadutsira ku bala, muzimutsata tsiku lomwelo. Uyu amalipira ndi mkazi wake, muzilankhula ndi mayiyo. Mwana wa bwana anati zimenezo sizingalowe, kompyuta imafuna dzina, nambala ya foni ndi malire a ngongole, basi. Anasankha makasitomala akuluakulu ochepa, ena onse anati azilipira kaye.

## Mmene makina analowera pakhomo

Mmene chaka chija chinayendera tonse tikukumbukira. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo, boma linati kuyambira pa 18 Epulo aliyense abindikire pakhomo masiku 21. Mavenda a mu Mzuzu muno anadzaza m'misewu kunena kuti njala iwapha kolona isanawapeze, ndipo pa 17 Epulo khothi linaimitsa m'bindikirowo.

Ndiye ife sitinatsekeredwe m'nyumba ngati anzathu a ku Joni. Koma malonda anazilala, ndipo ndalama ya pepala anthu anayamba kuiopa. Reserve Bank inagwirizana ndi makampani a mafoni kuti kwa miyezi ingapo atsitse zomwe amadula anthu akamatumizirana ndalama. Ngakhale amisiri aja ankati ndalama ya pa foni si ndalama anayamba kufunsa nambala yathu ya Mpamba ndi ya Airtel Money.

Mwana wa bwana anabwera nthawi yomweyo, koleji yake itatsekedwa, laputopu ili m'chikwama. Ndi mnyamata waulemu, sindimunenera zoipa. Anayang'ana mabuku athu a marisiti a kaboni, anayang'ana mmene tinkatsekera sitolo tsiku lathunthu kuti tiwerenge sitoko, n'kupukusa mutu. Makina a EFD omwe MRA inabweretsa mu 2014 tinali nawo kale, koma iwo ntchito yake ndi kuwerengera boma VAT. Iye ankafuna chinthu chowerengera bambo ake: chalowa n'chiyani, chatuluka n'chiyani, wagulitsa ndani, nthawi yanji.

Makalaliki tinalipo atatu, komanso panali kashiya, madala kuseri, anyamata onyamula katundu ndi mlonda. Bwana anatiitana n'kunena kuti matendawa akufuna anthu atalikirane, ena akhale kaye kunyumba mpaka zinthu zitakhala bwino. Makalaliki anzanga awiri anapita. Poyamba ankalandira theka la malipiro, kenako foni zawo zinangoti zii. Ine ndinatsala chifukwa ndinali nditaphunzirako kutaipa. Madala anawauza chaka chisanathe kuti matendawa amakonda achikulire, ndi bwino akapume. Anawapatsa kalata ndi ndalama zotsanzikira. Sindinganene kuti anawabera. Zomwe lamulo la ntchito limanena anawawerengera.

Kolona inabwereranso mwaukali mu Januwale 2021, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, n'kumwalira tsiku limodzi. Kenako katemera anafika, mamasiki tinavula, malole anayambanso kuima pakhomo. Zinthu zinakhaladi bwino. Oitanidwa ndiye panalibe.

## Matumba awiri a simenti

Anabwera m'mawa wina mu Epulo 2022, mvula itagwa usiku wonse, nsapato zili matope okhaokha. Khoma la chipinda chogona zidzukulu kwawo ku Mchengautuwa linali litagwa. Mwamwayi ana anali atagona pabalaza chifukwa denga linkadontha.

Anapereka moni kwa aliyense, mpaka kashiya, n'kufika pa kauntala panga chipewa chili m'manja.

"Matumba awiri okha, mwananga. Mnyamata wanga wa ku Joni atumiza kutha kwa mwezi."

Pa kauntala pathu katundu satuluka risiti isanatuluke, ndipo risiti situluka ndalama isanalowe, pokhapokha ngati dzina lako lili pa mndandanda uja wa makasitomala akuluakulu. Kale nkhani ngati imeneyi sinkafika n'komwe kwa bwana. Madala omwewa ankamuyang'ana munthu kumaso, n'kutsegula hadikava, n'kuuza anyamata kuti kwezani.

Ndinaimbira mwana wa bwana. Nthawi imeneyo anali atasamukira ku Lilongwe, malonda onse a tsiku ankawaonera pa foni. Anandimvera mpaka kumapeto, anafunsa ngati ana avulala, kenako anati, "Achimwene, ndikatsegulira mmodzi ndiye kuti ndatsegulira onse. Sisitimu siilola. Mundipepesere kwa madala."

Foni yanga imafuula, ndiye madala anamva zonse. Anasendera pafupi, anasuzumira pa sikirini ngakhale popanda magalasi sakanatha kuwerenga kanthu.

"Tafufuza bwino, mwananga. Zonse zili mmenemo ndinanena ndine. Ndiye dzina langa lokha ndi lomwe mulibe?"

Sananene mokwiya. Ankafunsa zenizeni, ngati munthu amene akukhulupirira kuti pali polakwika penapake ndipo ndikadina batani lina pakonzeka. Ndinadinadina kuti aone kuti ndayesa. Kashiya anayang'ana pansi. Kasitomala wina yemwe ankadikira penti anayamba kuwerenga zolembedwa pa chitini ngati n'zofunika kwambiri.

Anyamata onyamula katundu anali ataima pa chitseko cha kuseri. Mmodzi anavula kapusi n'kuyamba kuiyendetsa, osalankhula. Tinasonkherana, ndalama inakwana thumba limodzi. Ndinataipa, risiti inatuluka. Mnyamata yemweyo anasenza thumbalo, anaitana wa njinga ya kabaza, yomwe kuno timati sakramento, analimanga pa kaliyala ndi malegeni n'kulifunditsa pepala la pulasitiki. Madala anathokoza aliyense payekhapayekha, n'kutsatira njingayo wapansi.

## Funso lawo linali la akaunti

Anthu omwe ndawafotokozera nkhaniyi amathamangira kunena kuti zachisoni, mabwana alibe umunthu. Ine sindiionera pamenepo. Mwana wa bwana ananena zoona, ngongole za pa nkhope zinagwetsapo masitolo ambiri. Chomwe sichindichoka m'mutu n'chakuti funso la madala linali funso la kawerengedwe ka ndalama, ndipo mpaka lero silinayankhidwe.

Chaka chilichonse Malichi akafika, kompyuta imandichenjeza kuti ndichepetse simenti. Chaka chilichonse matumba omwe akanauma sauma, ndipo ndalama imeneyo imalowa. Mvula ikayandikira imandiuza kuti ndiwonjezere misomali ya malata. Nzeru zimenezi zikugwirabe ntchito pa sitolo pano tsiku ndi tsiku, mwini wake ali ku Mchengautuwa. Analipidwa masiku omwe anabwera ku ntchito. Zomwe anasiya sanalipidwe, ndipo palibe anawauza kuti akugulitsa kanthu. Iwo ankaona ngati akuthandiza ana.

Ndisaname, makinawo ndi abwino. Misomali yomwe inkatuluka m'matumba a maovolosi inasiya kutuluka. Sitoko sititsekeranso sitolo. Munthu ali ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay amalipira pa foni, n'kungotuma dalaivala kudzatenga. Ine ndemwe sindiwerukanso usiku ndikufunafuna K500 yosowa m'mabuku. Amene akufuna tibwerere ku kaboni sanagwirepo ntchito ya kaboni.

Koma ndimakumbukira agogo anga aakazi kwathu ku Dowa, omwe tambala akamalira anali ali kale pa mtondo. Chigayo chitabwera pa malo ogulitsira malonda, mwini wake analemera, inde, koma mayi aliyense m'mudzimo anadyapo nawo. Msana unapuma, nthawi yopita kudimba inapezeka, atsikana ena anasiya kuchedwa ku sukulu. Palibe anataya malipiro, chifukwa kusinja kunalibe malipiro. Kompyuta ya pa sitolo pathu inatenga ntchito yomwe inkadyetsa mabanja atatu, ndipo zomwe inapulumutsa zinalowa m'thumba limodzi. Msomali sunatsike mtengo. Malipiro a ife otsala amasuntha boma likasuntha mlingo wotsikitsitsa, monga pomwe unachoka pa K35,000 kufika pa K50,000 mu Januwale 2021, kenako K90,000 mu 2024, ndipo amafika mitengo ya pa msika itathawa kale. Bwana ndiye anatsegula nthambi ina ku Karonga. Kumeneko pa kauntala pali munthu mmodzi.

## Zikutha ndi ntchito za cholembera

Pa wailesi za kunja amakamba za maloboti olanda ntchito za m'mafakitale ndi magalimoto odziyendetsa okha. Munthu wa ku Chibavi akamva amaseka, ndipo akulondola. Msewu wa matope wa ku Masasa ungayende galimoto yopanda dalaivala? Pa kalembera wa 2018 nyumba zomwe zinkaunikira magetsi m'dziko muno zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse. Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 tinakhala chaka ndi miyezi tikuwerengera maola a magetsi. Loboti kuno ikhoza kufa ndi njala.

Koma taonani omwe anachoka pa sitolo pathu ndi omwe anatsala. Anyamata osenza simenti alipo onse, awonjezekanso. Makina onyamulira katundu amafuna madola kuti uwagule, dizilo kuti ayende, ndi zipangizo zochokera kunja akawonongeka. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe wa sitolo angalote zogula makina otere pomwe pakhomo pali anyamata okonzeka kutsitsa lole yonse pa ndalama ya ganyu. Msana wa Mmalawi ndi wotchipa kuposa dizilo. Pulogalamu ya pa kompyuta ndiye simwa mafuta, simadikira pa Songwe, umaigula kamodzi kapena kulipira pang'ono pamwezi.

Ndiye makina athu kuno sakulanda ntchito yolemetsa. Akulanda yopepuka, ya munthu wovala shati yoyera, ya cholembera. Owerenga mamita omwe ankayenda nyumba ndi nyumba achepa chibwerereni mamita ogula mayunitsi. Mzere wa ku banki wasamukira pa ATM ndi pa foni. Amayi otaipa makalata omwe tinkawapeza m'timaofesi ta m'tauni atsala owerengeka, aliyense amataipa yekha. Ntchito zimenezi sizinali zapamwamba, koma n'zomwe mwana wa mlimi wa MSCE yake ankalowera m'tauni. Ankayamba ukalaliki, n'kukwatira, n'kugula poloti ku Zolozolo, n'kuphunzitsa mng'ono wake. Zinali pakati pa ganyu ndi ubwana. Pakati pamenepo ndi pomwe pakuchepa, ganyu ndi ubwana zili momwemo.

Ena amati ntchito zatsopano zabwera, ndipo n'zoona. Kuchokera pa depoti kukafika ku Katoto timatebulo ta ma ejenti sitiwerengeka. Mmodzi mwa makalaliki anzanga aja anayesako. Mpamba woyambira ndi wako, ambulera ndi yako, akakubera ndi zako, ukadwala tsikulo palibe cholowa. Umadya komishoni, ndipo komishoniyo mumagawana ndi ejenti wina yemwe wakhala pafupi nawe moti mumabwerekana cholembera. Njinga zamoto za kabaza nazo zadzaza, koma anyamata ambiri njingayo si yawo, madzulo amayamba apereka ya bwana ndiye n'kuona chotsala. Tonse Alliance pa kampeni ya 2020 inalonjeza ntchito 1 miliyoni. Ngati powerenga ankaphatikiza matebulo ndi njinga zimenezi, mwina nambala inayandikira. Koma penshoni ya 10 peresenti ya bwana ndi 5 peresenti ya wantchito yomwe lamulo limanena, pa tebulo la ejenti siifikapo.

Nanenso sindikhala mtima uli m'malo. Chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, mwana wa bwana akabwera amakamba za pulogalamu yoyankha makasitomala pa WhatsApp, kuwauza mitengo ndi kuwalembera makotesheni usiku ndi usana. Makotesheni ndi theka la ntchito yanga. Amandifunsa mwaulemu mafunso omwe makasitomala amakonda kufunsa, ndipo ndimamuyankha. Kukana ndingakane bwanji?

## Miyezi itatu ya K35,000

Pali chinthu chimodzi cha nthawi ya kolona chomwe timachiiwala msanga. Boma linalengeza mu Epulo 2020 kuti mabanja ovutika a m'mizinda inayi, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, azilandira K35,000 pamwezi. Zinachedwa, zinayamba kufika mu 2021, ndipo zinali za miyezi itatu. Za mayina omwe analembedwa ndi omwe anasiyidwa anthu anadandaula, monga zimakhalira. Koma ndalamayo inafika pa foni. Mayi wogulitsa tomato ku Chiputula anamva foni kulira, anapita pa ejenti, anatapa. Panalibe envulopu yodutsa m'manja mwa anthu asanu.

Nthawi yomweyo K6.2 biliyoni ya kolona yomwe inadutsa m'maofesi inatha mmene tonse tinamvera, kafukufuku ataonetsa kuti mamiliyoni ambiri anapita ku ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko. Ndiye makina omwewa omwe anachotsa anzanga pa ntchito anaonetsa kuti angathe kufikitsa ndalama kwa wosauka mwachilungamo kuposa anthu a mataye. Chinasowa ndi chifuniro choti zipitirire, komanso kochokera ndalamayo.

Kochokera kulipo, kungoti si kwathu kokha. Oxfam inanena mu Januwale 2022 kuti chuma cha amuna khumi olemeretsetsa padziko chinachoka pa madola 700 biliyoni kufika pa 1.5 thililiyoni m'zaka ziwiri za mliri, ndipo ambiri mwa iwo ndi eni makampani a intaneti ndi makompyuta. World Bank inati mu 2020 mokha anthu pafupifupi 70 miliyoni anagwera mu umphawi wadzaoneni. Nkhani ya pa sitolo pathu ndi yomweyo, kungosiyana maziro. Bill Gates ananenapo mu 2017 kuti loboti yolanda ntchito ya munthu izikhoma msonkho. Kuno loboti yoikhometsa palibe, pali laputopu ya pa kauntala, ndipo msonkho womwe boma limaudalira kwambiri pa katundu wa m'sitolo ndi VAT, yomwe madala ndi bwana amalipira mofanana.

Njira ina yodyera nawo phindu la makina ndi kukhala ndi gawo mwa eni ake. Airtel Malawi inalowa pa msika wa masheya mu Febuluwale 2020, sheya imodzi K12.69. FDH Bank inalowa mu Ogasiti chaka chomwecho pa K10. Amene anagula nthawi imeneyo n'kusunga, lero akumwetulira. Koma ndani ku Chibavi anali ndi ndalama yoika pambali mu 2020, ndipo ndani anamuuza? Msika wa masheyawo uli ku Blantyre. Ife timalowamo ngati olipira: tikatumiza ndalama, tikagula bandulo, tikatapa. Masomphenya a Malawi 2063 omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021 amakamba za dziko lolemera mokomera aliyense. Mawuwo ndi okoma. Ndikanakonda atandionetsa tsamba lomwe likunena za kalaliki yemwe ntchito yake yalowa mu foni ya bwana.

Chitsanzo chomwe ndimachikhulupirira chili pafupi. Khofi wa Mzuzu Coffee amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi m'mapiri a Nkhata Bay, ndipo makina okonzera khofiyo ndi a mgwirizano wa makopaletivi awo. Mavuto ali nawo, alimi amadandaula mitengo ngati alimi ena onse. Koma makina akafulumizitsa ntchito, wopindula ndi yemwe analima. Amakangana za kagawidwe, osati za kuchotsedwa.

## Makina athuathu

Chakumapeto kwa 2022 madala anayambitsa banki mkhonde. Analowamo makalaliki anzanga awiri aja, mmisiri wina yemwe ngongole yake inatsekedwa ndi sisitimu, mkazi wa mnyamata wa kapusi uja, ndi amayi angapo a kutchalitchi kwawo. Ine anandipempha kuti ndiziwasungira mabuku madzulo, pa foni.

Maganizo oumba mabuloko anabwera ndi mmisiriyo. Chiletsereni boma njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda mu 2018, mabuloko a simenti ali ndi msika, ndipo Mzuzu ikukula mbali zonse, ku Lupaso, ku Nkhorongo, ku Dunduzu. Anayamba ndi zikombole za manja pa poloti ya madala. Analemba anyamata asanu a m'dera momwemo, osakaniza, otsira, otsindira, onyamula kukayanika, othirira. Madala ndiye ankadziwa mchenga wabwino, ankadziwa thumba limodzi litulutse mabuloko angati kuti asamanyenyeke, ankadziwanso amisiri omwe ungawapatse pa ngongole. Hadikava ina inagulidwa.

Kwacha itagwa mu Novembala 2023 simenti inakwera moti anatsala pang'ono kutseka. Anapirira. Kenako anakongola ndalama ku SACCO n'kugula makina amagetsi ogwedeza, owotcherera konkuno, omwe amatulutsa mabuloko angapo nthawi imodzi, olimba ndi ofanana. Makontilakitala omwe ankakana a manja anayamba kubwera. Tsiku loyamba kuwayatsa amayi analulutira.

Vuto linaonekera miyezi ingapo itadutsa. Magetsi akakhalapo, ntchito yomwe anyamata asanu ankagwira tsiku lonse imatha isanakwane nthawi ya nkhomaliro, ndipo ofunika kwenikweni ndi awiri, wachitatu wongothandiza kuyanika. Ngongole ya ku SACCO ndiye simadikira.

Pa msonkhano wa mwezi watha, yemwe anayambitsa nkhani yochotsa anyamata atatu ndi kalaliki mnzanga, yemwe foni yake inati zii mu 2020. Sanachite manyazi. Anati iyi ndi bizinesi, si mpingo, ndipo iye ana ake akudikira fizi. Anatinso magetsi akazima tikhoza kumawaitana pa ganyu. Madala anati anyamatawo anaumba ndi manja nthawi yomwe gululi linalibe kanthu, mabuloko omwe anatikopera makasitomala oyamba ndi a thukuta lawo, ndiye tichepetse zomwe timagawana koma asachoke. Mmisiri anafunsa kuti tichepetsa mpaka liti.

Mkazi wa mnyamata wa kapusi anabweretsa ganizo lachitatu. Anati anyamatawo alowe m'gulu, gawo la malipiro awo lizidulidwa mwezi ndi mwezi ngati masheya, kuti makinawo akhale awonso, ndipo maola otsalawo azipita kukasaka maoda m'malo omanga ndi kukapereka mabuloko. Amayi ena anakana, anati iwo anasonkha ndalama zawo za mandasi kuyambira pachiyambi, wina sangabwere lero n'kudzadya nawo mofanana. Wina anati anyamata a masiku ano ukawapatsa gawo mawa afuna kukhala tcheyamani. Anakangana mpaka mdima.

Anandituma kuti ndiwerengere njira zitatu zonsezo. Ndawerengera. Akachotsa atatu, ngongole itha msanga ndipo aliyense agawana zooneka. Akawasunga osasintha kanthu, ngongole ichedwa ndipo mwezi umodzi woipa ukhoza kuwagwetsa. Njira ya masheya ikuyenda pokhapokha maoda atawonjezeka, ndipo zimenezo foni yanga singalonjeze. Anyamatawo sanawauze kanthu, koma akudziwa, chifukwa masiku ano amasesa pamalopo kawiri ndi kutsuka makina omwe ndi otsuka kale.

Msonkhano wina uliko Lamulungu likudzali tikaweruka ku tchalitchi. Mnzanga uja wanena kale kuti akapanda kumumvera atenga gawo lake n'kukagula njinga yamoto, apatse mnyamata azimuyendetsera.